Nkhope ya Zakia pa Botolo la Apongozi

Mukafika pa Matawale, kuno ku Zomba, n'kufunsa kuti Zakia ndi ndani, akuuzani kuti ndi mkazi uja anayankhula ndi apongozi ake maso ndi maso pakati pa msika. Basi, mbiri yathera pomwepo. Zaka zonse zimene mwana wa mlongo wangayu wakhala akusenza mabuku olemera kuposa thumba la simenti, anthu a m'tauni muno anazikulunga m'mawu amenewo n'kuziponya kudzala. Ine ndine tsibweni wake, ndinenso nkhoswe ya banja lake. Ndiye ndati ndilembe mmene zinayendera. Alipo ena oti akangoona dzina langa anena kuti Shamsu wogulitsa nsapato uja amati akaona buluzi n'kukanena kuti waona ng'ona. Anene. Buluzi wakeyo analipo.

Zakia anabadwira ku Mtiya, kwa mlongo wanga Mwanamvua. Anamwino amene anamulandira amalumbira mpaka lero kuti mwanayu sanalire, anangotembenuza mutu n'kuyang'anitsitsa botolo la diripi ngati akufuna kudziwa zimene asungunulamo. Akukula, anzake akamaphika masanje iye ankasakaniza phulusa, mandimu, sopo ndi maluwa a kumpanda kuti aone chimene chisinthe mtundu. Chinasintha mtundu ndi buluku langa la pa Idi. Linalowa m'beseni lili loyera, linatuluka ngati nyalugwe wodwala mphere.

Ali ku pulayimale anapita kutchuthi kwa abale athu a kufupi ndi Chilwa, n'kubwerako ndi likodzo. Kuchipatala anamupatsa mapiritsi aja akuluakulu owawa, oti munthu wamkulu amayamba wapemphera asanameze. Mwana anameza, anasanza, anamezanso, kenako anafunsa adokotala ngati munthu amene anapanga piritsilo analilawapo. Adokotala anaseka. Iye sanaseke nawo.

Za sukulu sinditaya nthawi. Ankakhoza mpaka aphunzitsi kumazemba kuseri kwa makalasi kuthawa mafunso ake. Anaphunzira kemisitiri pa yunivesite konkuno, kenako anapita ku Joni kumene anakhalitsa mpaka tinayamba kutsutsana ngati ali ndi mpata kumano kapena ayi. Atabwerako akutchedwa Dokotala, mayi ake anapha mbuzi n'kuitana aliyense wa msana, wa nyamakazi ndi wa mutu waching'alang'ala. Anthu anafola kuchokera pakhonde mpaka kumsewu. Ndipamene tinadziwa kuti dokotala wathuyu sagwira jekeseni. Mwanamvua anamufunsa kuti nanga udokotala wakowo umachiza chiyani, mwana n'kuyankha kuti pakali pano palibe. Mbuzi inali itadyedwa kale.

Ntchito yake ndi yokonza mankhwala atsopano, ndipo amayambira pa kompyuta. Ine anandifotokozera atakhala pa benchi langa mumsika, pakati pa nsapato za kaunjika, ndiye ndikufotokozerani mmene ndinamvera. M'thupi mwa nyongolotsi ya likodzo muli tizigawo timene timagwira ntchito ngati kachigayo. Akatswiri anatijambula kale, chithunzi chake chili mu kompyuta, ndipo pa kachigayoko pamakhala kabowo. Mukapeza kanthu kokwana bwino m'kabowomo, chigayo chimaima, nyongolotsi n'kufa. Kale anthu ankayesa tinthu timeneti kamodzikamodzi m'mabotolo mpaka imvi kumera. Zakia amayesa pa kompyuta, ngati mmene ine ndimayesera nsapato pa phazi la kasitomala, kungoti kompyutayo imatha mabelo onse a dziko lapansi ine ndisanamasule chingwe cha nsapato imodzi. Koma anandichenjeza chinthu chimene wogulitsa nsapato aliyense amachidziwa ngakhale sachinena. Nsapato yokwana pa benchi ikhoza kukutupitsa matuza usanafike pa depoti. Kukwana ndi chiyambi chabe. Pambuyo pake pamabwera zaka za kuyesa m'mbale za magalasi, kenako pa nyama, ndipo munthu amabwera kumapeto kwenikweni.

Ku Joni akanatha kukhala, ankamufuna. Anabwerera kuno n'kulowa pa malo ena ofufuzirapo, amene dzina lake silikukukhudzani. Anapeza kuti ophunzira a zaka zambirimbiri anafufuzapo kale zimene zili m'mitengo ya kwathu kuno, koma zolemba zawo zinkadyedwa ndi chiswe m'makatoni, chiswe choti chikanalemba mayeso chikanakhoza. Iye ndi ophunzira ake anatola zonsezo, anajambula maonekedwe a kanthu kalikonse mu kompyuta, n'kuziika pamalo amodzi poti wofufuza aliyense atengepo mwaulere. Anakonzanso kasefa kake ka mu kompyuta momwemo, kamene kamachenjeza msanga ngati kanthu kakuoneka kuti kadzavulaza chiwindi. Anthu a kumayiko oti sindingathe kuwatchula popanda kuluma lilime amamulembera kumuthokoza. Pa Matawale palibe amene anamvapo zimenezi, ndipo safuna kumva.

Anakwatiwa ndi Yunus, mphunzitsi wa sekondale, mnyamata waukhondo woti amasita ndi kansalu kopukutira magalasi komwe. Yunus anabwera kudzakhala kwathu ku Mtiya monga mwa mwambo. Bambo ake, Che Fadili, anagwira ntchito ya nkhalango pa phiri la Zomba kuyambira ali mnyamata, ndipo atapuma anatsegula tebulo la uchi pa Matawale. Mitengo ya kuphiri amaidziwa ngati ana awo, ndipo ndikukhulupirira kuti ina imawapatsa moni. Ndi munthu wabwino, ndisaname, koma wachikale mpaka m'mafupa. Pakhomo pawo mkazi wa mwana wawo sawayang'ana kumaso, sadya nawo limodzi, ndipo akakhala ndi mawu amatuma mwamuna wake. Mawuwo akakula amapita kwa ankhoswe. Zakia, ndi madigiri ake onse, anasunga mwambo umenewu osaphonya. Ankawagwadira chapatali, chammbali, maso ali pa zala zake.

Tsono Zakia ankafuna khungwa la mtengo wina wa kuphiri. Dzina lake sinditchula, ndikukudziwani inu. Chilolezo anali nacho, koma mtengowo sankadziwa pamene umamera, ndiye Yunus anapempha bambo ake kuti akawasonyeze. Che Fadili anatsogola, Zakia ali m'mbuyo patali poti ngakhale zithunzithunzi zawo zisagundane. Anasenda kachidutswa kochepa ngati chikhatho n'kubwerera.

Patapita miyezi, kanthu kena kochokera m'khungwalo kanakwana m'kabowo kaja kuposa tinthu tina tonse. Koma kasefa kaja kanachenjeza, ndipo atayesa m'mbale ya magalasi anapeza kuti kanthuko kamaphadi nyongolotsi koma kamapserezanso chiwindi. Ntchito inali yoti akasemeseme pang'onopang'ono, kuchotsa mbali yoipayo n'kusiya yabwinoyo. Zakia anamuuza mwamuna wake zonse ziwiri.

Pa chakudya cha Idi kwa Che Fadili, mpunga uli pakamwa, Yunus ananena theka. Anawauza bambo ake pamaso pa alendo kuti mtengo wawo uja wapambana mitengo yonse pa kompyuta. Theka linalo analimeza pamodzi ndi nyama. Zakia anali kukhitchini ndi amayi anzake, sanamve.

Mwezi usanathe, pa tebulo la uchi panafika mabotolo a madzi ofiirira. Che Fadili sanachite zimenezi chifukwa cha umbombo, ndipo apa ndiye pamene pamandipweteka. Anachita chifukwa chonyadira. Anatenga chithunzi cha pa ukwati wa ana awo, anadula Yunus n'kungotsala phewa, nkhope ya Zakia n'kuisindikiza pa botolo lililonse, pansi pake mawu oti mankhwala a likodzo a Dokotala Zakia, oyesedwa pa kompyuta. Anagulanso kachimkuzamawu kaja kobwereza mawu tsiku lonse. Poyamba kankangonena za likodzo. Kenako makasitomala anayamba kubweretsa maumboni awo, ndipo botolo lija linayamba kuchiza shuga, kuthamanga kwa magazi, dazi, ulesi wa abambo kuchipinda, ndipo mayi wina wa ku Zakazaka anati linabweza mwamuna wake amene anathawira ku Mangochi.

Botolo linafika pa tebulo la Zakia kudzera mwa abwana ake, Mayi Benedicta, amene analilanda kwa mlonda wa pantchito pomwepo. Mayi Benedicta sazungulira. Anamuuza kuti komiti yoyang'anira kafukufuku yamva, ndipo ikadzakumananso mabotolowo akadali pamsika, ntchito ya likodzo idzatsekedwa, chilolezo cha kuphiri chidzalandidwa, ophunzira ake adzagawidwa kwa anthu ena ngati ana amasiye. Komiti sinkafuna kumva zoti wogulitsayo ndi apongozi. Nkhope inali yake.

Wina afunsa kuti bwanji sanapite kupolisi. Kamangitseni apongozi anu inuyo, mubwere mudzatiuze mmene mwagonera. Zakia anayamba ndi mwamuna wake. Yunus, munthu woti amatha kukhalitsa chete kalasi yodzaza mpaka m'mawindo, anasanduka buledi wogwera m'tiyi. Anati bambo ake ali ndi vuto la magazi, anati nkhani yotere ikachokera kwa mwana imakhala chipongwe, anati ipite kwa ankhoswe. Ndiye Zakia anabwera pa benchi langa, anasuntha nsapato n'kukhala.

"Atsibweni, mukawauze a Hamza mawu awa osachotsapo kanthu. Khungwa limenelo limawononga chiwindi. Sindinaliyese pa munthu aliyense. Asiye lero, ndipo achotse nkhope yanga."

Che Hamza ndi nkhoswe ya kuchimuna, tsibweni wake wa Yunus, telala wa ku Zakazaka. Ndi munthu woti akaponda nyerere amabwerera kukapepesa. Ndinapita tsiku lomwelo, ndinawapeza pa makina, ndinawauza mawu onse monga ndinawalandirira. Ndinangothirapo mchere pang'ono, kuti chiwindi cha munthu chimasungunuka ngati mafuta pa chiwaya cha tchipisi. Anagwedeza mutu, anati amva, anandiperekeza mpaka pamsewu.

Lachisanu atatuluka mumzikiti anapitadi kwa alamu awo, Che Fadili. Anakhala pakhonde, anakamba za mvula, anakamba za feteleza, anakamba za mwana wa uje amene wathawa sukulu. Dzuwa litapendeka ndipamene anatsokomola n'kunena kuti ana akudandaula za thanzi lanu, kukwera phiri pa msinkhu wanuwu ndi mawondo amenewa si bwino, akupempha kuti mupumeko. Che Fadili misozi inalengeza. Anati chibadwire sanaone mpongozi wachifundo chotere. Mawa lake analemba anyamata a ganyu kuti azikwera phiri m'malo mwawo, ndipo mabotolo anachuluka mpaka uchi unasowa pokhala. Kuphiri mitengo ija inasendedwa kuyambira kumapazi mpaka kukhosi, inaima mbulanda moti anyani ankadutsa atatseka maso.

Umu ndi mmene uthenga umayendera kwathu kuno. Umanyamuka uli mkango, pofika kwa mwini wake uli mphaka wofuna kusisitidwa. Ndipo tonse timati ndi ulemu.

Zakia analemba chenjezo pa foni, linayenda m'magulu onse a m'tauni muno. Mukuganiza kuti anthu anatani? Anati abwana ake amuopseza chifukwa azungu akufuna kuba mtengowo. Anati ngati sanagwirizane nazo, bwanji apongozi ake enieni akugulitsabe, nkhope yake ili pomwepo ikumwetulira. Anthu anayamba kugula awiriawiri kuopa kuti atha.

Ulendo wachiwiri wa Che Hamza kwa Che Fadili ndinakakamira kuti ndipite nawo. Mwambo umati pakhomo pa eni ake amayankhula ndi nkhoswe yawo, ine wakuchikazi ndizingovomereza. Ndinakhala pa mpando, manja pa mawondo, ndikumva Che Hamza akusoka mawu ngati akusoka diresi la mkwatibwi. Anafika ponena kuti ana akuti mankhwala aliwonse ali ndi mlingo wake. Apa ndinalephera kupirira. Ndinalowerera, ndinanena za chiwindi, za komiti, za ntchito ya mwana imene ikufuna kutsekedwa. Che Fadili anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anaseka mpaka kofia inagwa. Anawakumbutsa Che Hamza kuti uyu ndi Shamsu yemwe uja anatiuza kuti anaona nyani akuwerenga nyuzipepala kuphiri. Nyaniyo nyuzipepala anaigwiradi, ndipo sinali chadodolido, koma imeneyo ndi nkhani ina.

"Che Shamsu, kompyuta ya mpongozi wanga inanena kuti mtengo wanga ndi nambala wani. Mwana wanga anandiuza yekha. Mpongozi wanga akanakhala ndi mawu amenewa, bwenzi atafika kudzera kwa alamu angawa. Inu mwangowonjezera monga mwa masiku onse."

Ndinayang'ana Che Hamza. Anali akuchotsa kaulusi pa malaya awo, kaulusi koti panalibe. Chimene tinapindula pa ulendowo n'chakuti pa botolo anasintha mawu, m'malo mwa supuni yaikulu analemba supuni ya tiyi, ndipo anatipatsa uchi woti tikamupatse Zakia.

Komiti inali pafupi kukumana. Zakia anaonda mpaka mpango unkamuzungulira mutu kawiri. Ophunzira ake anayamba kufunsa mwakachetechete ngati kuli aphunzitsi ena ofuna anthu. Yunus ankachoka m'mamawa n'kubwera ndi milu ya makope oti achonge, kuti pasapezeke mpata womuyang'ana kumaso.

Loweruka lina m'mawa, pakhomo pa Zakia panafika mayi wina dzina lake Amisa, wogulitsa zitumbuwa ku Zakazaka, atasenza phava la nthochi. Anabwera kudzathokoza adokotala a pa botolo. Anafunanso kufunsa ngati awonjezere mlingo, chifukwa maso ake anali atasanduka achikasu ngati m'kati mwa dzira la nkhuku yachikuda, mkodzo uli ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo pa tebulo paja anamuuza kuti amenewo ndi matenda akutuluka. Anawonjezera monyadira kuti wayamba kupatsako ana ake theka la supuni.

Mlongo wanga ndi amene anandiimbira foni. Anati mwana wako watenga mayiyo ndi ana ake kupita nawo kuchipatala, ndipo ponyamuka wamanga chitenje chake cha kumaliro. Ndinasiya benchi kwa mnzanga, ndinakwera njinga yamoto imene inandiulutsa mpaka nsidze zinatsalira m'mbuyo. Kuchipatala ndinamuphonya. Ndinakamupeza pa Matawale akulowa mumsika.

Unali msika wa Loweruka, anthu ngati nyerere pa fupa. Kachimkuzamawu kaja kanali kakutchula dzina lake mobwerezabwereza. Zakia anadutsa pakati pa anthu amene anafola, ena akumuzindikira n'kumakodolana, anafika pa tebulo n'kukazimitsa. Kenako anagwada pafumbi. Sanagwade chammbali monga ankachitira zaka zonsezi. Anagwada kutsogolo kwenikweni, n'kudzutsa maso. Msika unakhala chete moti matemba ouma a pa tebulo loyandikana anatsegula maso kuti aone.

"Ababa, mundikhululukire, lero ndiyankhula ndekha. Zili m'mabotolomu zikuwononga chiwindi cha anthu. Mayi Amisa a ku Zakazaka ndawasiya kuchipatala pompano, ana awo akuwapimanso. Kompyuta sinanene kuti mtengowu ndi mankhwala. Inangondiuza kuti ndiufufuze, ndipo nditaufufuza ndinapeza poizoni."

Che Fadili sanamuyang'ane. Anatembenuza nkhope, maso awo anandipeza ine pakati pa anthu, n'kuyankhula ndi ine monga mwambo ukunenera.

"Che Shamsu, mufunseni mwana wanuyu ngati kwanu kulibe akuluakulu."

Ndinatsegula pakamwa, koma Zakia anandiyambirira.

"Alipo, ababa. Ndinawatuma. Mawu anga sanakufikeni."

Anadzuka, anatenga botolo limodzi, analikweza pafupi ndi tsaya lake kuti anthu afananize. Anawauza kuti nkhopeyo ndi yake, kuti sanavomerezepo kuti iikidwe pamenepo, kuti aliyense amene ali ndi botolo kunyumba akataye, ndipo amene maso ake ayamba chikasu apite kuchipatala tsiku lomwelo osadikira Lolemba. Sanakweze mawu. Amene amati anakuwa, anatukwana, anagubuduza tebulo, ndi abodza, ndipo zikachokera kwa ine mudziwe kuti ndi bodza lalikulu ndithu.

Zimene anachita Che Fadili palibe amene amazikamba. Anatsegula botolo loyamba n'kulikhuthulira m'ngalande, lachiwiri, lachitatu, mpaka katoni yomaliza ya pansi pa tebulo, osalola munthu kuwathandiza. Atamaliza anandifunsa ine kuti mayiyo ali wodi iti. Anapita madzulo omwewo ndi botolo la uchi, ndipo anapitabe mpaka tsiku limene Amisa anatuluka. Ana ake anapezeka kuti sanavulale. Koma kwa mpongozi wawo Che Fadili sanatumize mawu aliwonse.

Komiti inakumana. Inamukalipira Zakia ngati kuti iye ndi amene ankawiritsa makungwawo, inamulamula kuti za kuntchito zisamafike pa mphasa ya kunyumba, kenako inalola kuti kafukufuku apitirire. Ophunzira ake anavina mpaka mlonda anaganiza kuti kwabuka moto.

Kunyumba kunalibe wovina. Yunus analongedza kachikwama n'kupita ku Matawale, akuti kukatonthoza bambo ake, ndipo kutonthozako kunatenga nyengo yonse ya mango. M'misika, m'maminibasi, pa mijigo, nkhani inali imodzi, yoti sukulu imachotsa ulemu. Amayi oti dzulo lake ankamwetsa ana awo poizoni ankagwira pakamwa n'kumati mwana wamkazi sangatero. Palibe amene anati zikomo. Mmodzi yekha, bambo wina wa dazi, anabwera kudzadandaula kuti tsitsi linali litayamba kumera.

Kenako akuchimuna anaitanitsa bwalo la ankhoswe, ndipo Che Hamza, amene lilime lawo linali litapezeka tsopano, ananena kuti mpongozi apepese ndi tambala. Ine ndinaimirira. Ndinati ngati pali wopereka tambala ndi amene ananena theka la nkhani pa Idi, ndi amene anasandutsa poizoni kukhala mawondo. Ndinati tipereke tambala kwa Zakia, ndi mbuzi, ndi ng'ombe ya mkaka pamwamba. Ndinali nditangoyamba kutenthedwa pamene mwana wa mlongo wanga anandikoka malaya n'kundiuza chapansipansi kuti ndikhale, tambala agula yekha. Anati akuluwo anawachititsadi manyazi pagulu, ndipo manyaziwo ndi enieni ngakhale chifukwa chake chinali chabwino.

Anagula tambala woyera wamkulu ngati nthiwatiwa. Pomupereka kwa Che Hamza ananena kuti akupepesa chifukwa cha malo amene anayankhulira, koma mawuwo sakuwabweza. Che Hamza ananyamula tambala ndi uthengawo, ndipo mukudziwa kale kuti theka lachiwirilo linagwera m'njira. Aka kanali koyamba kuti lumo lawo ligwire ntchito yothandiza. Tambala analandiridwa. Yunus anabwerera ku Mtiya ndi kachikwama kake, akuyenda ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni. Che Fadili mpaka lero sanapondepo pakhomopo. Uchi amatumiza, koma amati ndi wa adzukulu.

Ndikanakonda kumaliza ndi kukuuzani kuti mankhwala aja anapezeka, kuti a pa Matawale achite manyazi mpaka alowe pansi. Sizinatero. Zakia ndi ophunzira ake anasema kanthu kaja kwa chaka ndi miyezi, mpaka kanasiya kupsereza chiwindi. Atakayesa pa nyongolotsi, nyongolotsi zinkasambiramo mosangalala ngati ana pa dziwe la Mulunguzi. Mbali imene inkapweteka munthu ndi yomweyo inkapha nyongolotsi. Nkhaniyi itatuluka, tauni yonse inagwedeza mutu n'kunena kuti mwaona, tsoka la apongozi silichedwa.

Tsiku limene ndinamva zimenezi m'minibasi ndinatsikira panjira, ndinapita kuntchito kwake ndili ndi mkwiyo woti ukanawiritsa madzi a m'thanki. Ndinamupeza ndi ophunzira ake atazungulira kompyuta, pa galasi pakuzungulira kanthu kena katsopano ka mitundumitundu, kochokera ku chitsamba china cha ku Malosa. Ndinamuuza zonse zimene anthu akunena, ndinamuuza kuti andilole ndibwereke chimkuzamawu ndikawayankhe mmodzimmodzi. Anandimvetsera maso ali pa galasi.

"Atsibweni, pa ntchito yathu ino zambiri zimalephera, ngakhale kwa anthu opanda apongozi. Chimene ndinkaopa ine n'chakuti anditsekera chitseko ndisanalephere mokwanira."

Kenako anandipempha kuti ndisunthe pang'ono, chifukwa mimba yanga inkawatchinga ana.